Wasuntha Makinawa Ndani?

1.
Makina asunthidwa.

A Chipungu, dalaivala wa thiraki pa kampani yonyamula shuga, anaima pakhomo la jimu, chipinda cholimbitsira thupi cha ogwira ntchito, Lolemba m'mawa, thaulo lili paphewa. Pamene pankakhala chitsulo chokankhira m'mwamba, chimene ankayambira masiku onse, panatsala fumbi ndi mabowo a mabawuti.

2.
Mwatitha, kochi wawo, anawomba m'manja. Kuyambira lero tizizungulira chonchi:

chokankha ndi miyendo
chokoka uli chikhalire
njinga yosafika kulikonse
cha pachifuwa
cha pamimba

Ndikati sinthani, aliyense apite pa chotsatira. A Chipungu, inu muyambire apa, pafupi ndi ine.

Pafupi ndi iye. Chifukwa?

3.
Wina wanena.

4.
Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera m'dzinja, poyamba chala chachikulu chokha, kenako dzanja lonse akangokhala duu, ndipo akagwira chiwongolero linkakhala ngati lamva mawu koma akangoima pa rodibuloko linkayambiranso, ndiye anaphunzira kuliika m'thumba, kulikhalira, kuligwiritsa botolo la madzi, kupereka moni ndi manja awiri ngati munthu waulemu kwambiri, chifukwa dalaivala wonjenjemera dzanja samufunsa zambiri, amangomuthokoza chifukwa cha zaka zonse zimene wagwira n'kumulozera geti, ndipo mwana wawo wamkazi Sungeni anali asanamalize sukulu ya unamwino

5.
Amake Sungeni, mwauza ndani?
Za chiyani, abambo?
Musandifunse ngati simukudziwa.
Ine ndinangoti pitani kuchipatala. Inu munati ndi kuzizira. Kuzizira kwa mu Okutobala.
Ku kwaya kuja mumakhala pafupi ndi akazi a bwana Sambakunsi.
Timakaimba. Sitikaulula manja a anthu.

Anawasiya ali pakhonde. Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu kuposa masiku onse.

6.
Sinthani!

Bwana Sambakunsi, amene amayang'anira madalaivala onse, anali pambuyo pawo penipeni pamzere. A Chipungu akachoka pa chokoka, iwo ankakhalapo, n'kugwira zogwirira zikadali zotentha.

Thupi lili bwino, akulu?
Lili bwino, bwana.

Zaka zonsezi sanafunsepo za thupi. Ankafunsa za matayala.

7.
Mtima unawanong'oneza: Iwe Chipungu, tsegula maso. Akuchotsera chitsulo cha pamwamba kuti chisakugwere pamutu. Akuika moyang'anana ndi galasi kuti akuone kutsogolo ndi kumbuyo. Akupatsa bwana kumsana. Ng'ombe yopita ku butchala amaisisita chonchi. Kalata yako yalembedwa kale, akungodikira kuti ugwetse kanthu pamaso pa mboni.

8.
Amene akanatha kunena:

akazi awo
makaniko amene anawaona akulephera kumanga nati pa bawuti
mayi wogulitsa tiyi pa Zalewa
Mwatitha, maso ake aja
dzanjalo

9.
Wina wanena. Lachiwiri, wina wanena. Lachitatu ali pamsewu, wina wanena. Lachinayi sanadye.

10.
Lachisanu Mwatitha anaima pambali pawo pa cha pachifuwa. Anawerama, nachepetsa zitsulo.

Musadzikakamize, bambo. Pang'onopang'ono.

A Chipungu anasiya zogwirira. Anadzuka.

Mayi, tisanamizane. Ine si mwana.
Ndalakwa chiyani, bambo?
Makina mwasuntha chifukwa cha ine. Chija cha pamwamba mwabisa chifukwa cha ine. Ndiuzeni pano, pamaso pa anthu onsewa, anakuuzani ndani?
Anandiuza chiyani?
Ichi!

Anakweza dzanja m'mwamba. Linagwedezeka lokha, ngati tsamba la nthochi pamphepo, ndipo m'galasi munali lina likuchita chimodzimodzi.

11.
Njinga inasiya kulira.

Mwatitha anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Polankhula, mawu ake anali otsika.

Bambo, chija cha pamwamba waya wake anali atatha. Akanadukira munthu. Anadzachitenga okonza. Zotsalazi ndinangozisakaniza kuti manja azipuma miyendo ikamagwira, miyendo izipuma manja akamagwira. Ndinafotokozera onse sabata yatha, inu muli pa ulendo wa ku Beira. Ndinakuikani pafupi kuti ndikusonyezeni zimene anzanu anamva kale.

Ndiye simunkadziwa?

Ndikuona lero.

A Chipungu anafuna kulibweza m'thumba. Kabudula wa masewera analibe thumba.

Bwana Sambakunsi anatsika pa njinga, napukuta kumaso, nabwera pafupi. Sanakalipe.

Linayamba liti, akulu?
M'dzinja, bwana.
Ndipo Lachitatu munatsika Zalewa ndi thiraki yodzaza, ana asukulu ali m'mbali mwa msewu.

A Chipungu anagwira dzanjalo ndi linzake.

Makiyi mukasiye ku ofesi. Kuchipatala tipitira limodzi, pa galimoto yanga. Muwaimbire mayi akunyumba atipeze komweko.

Ndinawakalipira, bwana.

Ndiye muyambe n'kupepesa. Nambala muitchule, ndikudinirani ine.