Thumba la Nkhunda

Bambo anga sanaphonyepo chionetsero changa ngakhale chimodzi, koma musaganize kuti chinali chikondi. Loweruka lililonse masana ankafika ku holo anthu asanadzaze, n'kukhala pa mpando wakutsogolo, pafupi ndi masitepe okwerera pa siteji, atavala jekete lawo lakuda. Ankabwera kudzandiyalutsa.

Pa nthawi yawo anali katswiri wa majiki. Anthu ankawatchula kuti Mphenzi chifukwa cha liwiro la manja awo, ndipo zonse zimene ndimadziwa anandiphunzitsa ndi iwo, kandodo kali pa zala zanga. Kenako manja aja anayamba kunjenjemera. Tsiku lina nkhunda inagwa m'jekete nthawi yake isanakwane, n'kumayendayenda pa siteji, holo yonse ili chikhakhali. Sabata yotsatira mwini holo anapereka Loweruka lawo kwa ine. Kuyambira pamenepo ndinasanduka mdani wodyera naye mbale imodzi.

Ndikangoti ndisowetse dzira, iwo nyamu. "Lili m'mkono wa malaya ilo!" Ndikayandamitsa mpango m'mwamba, "Ulusi uwo, ulusi wakuda, simukuuona?" Chimene chinkandiwawa koposa n'chakuti ankanena zoona nthawi zonse.

Mwini holo anali munthu wamimba yake, woyenda ndi mulu wa makiyi m'lamba kuti aliyense amve kuti bwana akudutsa. Anandiitanira pakhonde anthu atatuluka.

"Achemwali, anthu amabwera kudzadabwa, osati kudzamvera milandu ya pabanja panu. Madalawa akasokonezanso, Loweruka ndilipereka kwa anyamata ovina aja."

"Bwanji osangowaletsa pakhomo, bwana?"

"Ine ndikankhe munthu wamkulu chonchija anthu akuona? Ndi bambo anu, thanani nawo."

Kunyumba ndinawapeza atakhala pa mpando wawo wansanza, akumwa tiyi amene ndinawasiyira m'fulasiki. Kapu inkagogoda mano awo.

"Bambo, cholinga chanu n'chakuti andichotse ntchito?"

"Ntchito yake iti? Yanga ija unaba?" anatero osandiyang'ana n'komwe. "Iwe, chimene unapanga wekha n'chiyani? Kagwiridwe ka dzira n'kanga, katembenuzidwe ka dzanja n'kanga, ngakhale kumwetulira kwakoko n'kwanga. Panga chako, ndikhala chete."

Mtima unandipsa moti ndinalakalaka kuwalanda kapuyo n'kuimenyetsa kukhoma. M'malo mwake ndinalowa kuchipinda, ndinakhoma chitseko, ndinatseka kabowo ka kiyi ndi kansalu, n'kuima patsogolo pa galasi. Ndinatola chilichonse cha m'nyumba: loko, zingwe za nsapato, botolo, masupuni. Ndikapeza kanzeru n'kuyamba kusangalala, ndinkayang'ana pagalasi n'kuona manja a Mphenzi ali kumapeto kwa mikono yanga. Nditavutika masiku angapo ndinapanga za supuni yolowa m'botolo la pakamwa pang'ono, ndipo ndinati apa ndiye ndawapeza. M'mawa mwake, ndikusesa, iwo anangoti, "Supuni yako ija ili ndi inzake yodula pakati. Zimalira mosiyana." Sanaione n'komwe, anangomvera pakhoma.

Nzeru inandipeza ndikusita jekete lawo, chifukwa nkhanza zonsezo wosita ndinali ine ndemwe. Nditalitembenuza ndinakhudza thumba la nkhunda. Ndi thumba lalitali limene anasoka okha mkati, chakumanzere, pakamwa pake pali m'mphepete mwa kolala, nsalu yake yoterera kuti chinthu chizilowa ndi kutuluka mosamveka. Chigwereni nkhunda ija sanapisemonso dzanja. Ndinaponyamo supuni, ndipo inatsetsereka mpaka pansi, zii.

Ndinaima simbi ili m'manja mpaka inatsala pang'ono kuwotcha nsalu ya patebulo. M'holo monse muja munali chinthu chimodzi chokha chimene sichinkalephera, choposa ulusi, choposa tebulo langa la chiboo: bambo anga kunyamuka pampando. Nthawi yonseyi ndinkafunafuna njira yowatsekera pakamwa, pomwe chipangizo chabwino chinali chomwecho.

Ntchito inakula pa kuphunzira kulakwitsa. Zala zimene zinamenyedwa kuti zisamaphonye zimakana kuphonya dala. Ndinafunika kulakwitsa pang'ono zedi, moti munthu wamba asaone kanthu koma Mphenzi aone. Akapita kokacheza kwa wometa tsitsi, ndinkapachika jekete lija pachitseko, kulisandutsa munthu wondigwira mkono mwaukali, ine n'kumaponyamo kiyi wa kukhitchini mobwerezabwereza mpaka mapewa kuwawa.

Loweruka holo inadzaza, ena anabwerera mkangano wathu womwewo. Mwini holo anaima kukhomo manja ali m'chiuno. Ndinasiya mazira ndi mipango m'bokosi.

"Bwana, tandibwerekani kiyi wa holo ino," ndinatero mokweza. "Uja wamkulu, wa kansalu kofiira."

Anthu anamukuwiza mpaka anamasula kiyiyo monyinyirika n'kundipatsa. Ndinamuonetsa mbali zonse, ndinamufumbata, kenako ndinagwedeza chigongono pang'ono ngati ndikumukankhira m'mkono wa malaya. Nditatambasula dzanja munalibe kanthu.

"Ali m'mkono!" Bambo anali ataima kale, chala chikunjenjemera. "Wakumanja! Ngakhale mwana wa mkaka waona!"

"Ngati mukunena zoona, bambo, bwerani mudzamutulutse nokha."

Sanadikire kuitanidwa kawiri. Anakwera masitepe akupuma mwa befu, anandigwira dzanja lamanja ndi ukali womwe uja wa kale, n'kukoka mkono wa malaya mpaka batani linaduka. Maso awo onse anali pamenepo. Dzanja langa lamanzere linangokwera pachifuwa pawo ngati la mwana amene akuti pepani bambo, musandipweteke. Anafufuza mkono wina, anandigwedeza, anasuzumira pansi pa tebulo, osapeza kanthu.

"Ndiye holo yanga nditseka ndi chiyani?" anakuwa mwini holo, ndipo sankaseka ayi.

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kumapeto kwa siteji, manja ali m'mwamba. "Bambo, inu amene mumaona zonse, tapisani m'thumba la nkhunda."

Nkhope yawo inasintha. Anapisa pang'onopang'ono, ndipo kansalu kofiira kanatulukira pakati pa zala zawo, kiyi akulendewera, akugwedezeka ndi kunjenjemera kwa dzanja. Holo inaphulika. Anthu anaimirira, ena akumenya mipando, mayi wina akulira ndi kuseka. "Kani anali limodzi! Masabata onsewa madalawa amatinamiza!" Ena anayamba kuimba dzina lija, Mphenzi, Mphenzi, limene linali litaiwalika. Ndinasangalala, sindinama, ndinasangalala mpaka m'mafupa.

Mwini holo anandigwira chanza ndi manja awiri. "Izi ndiye zinthu, achemwali! Sabata ya mawa zomwezi, ndiitana ndi anzanga a maholo ena adzaone. Koma mumve bwino: ndikufuna za madalawa. Popanda zimenezi, za mazira zanu zija ndatopa nazo."

Ine ndi bambo tinabwerera kwathu. Titalowa m'nyumba anavula jekete n'kuliyala pa mawondo.

"Unaponya nthawi imene ndimakoka mkono," anatero.

"Eya."

"Chigongono chija unachita dala."

"Eya. Munati ndipange changa. Ndapanga."

"Wandisandutsa tebulo," anatero, mawu ali pansipansi. "Ine Mphenzi, wandisandutsa tebulo la chiboo, anthu n'kumawombera m'manja tebulo."

"Amaimba dzina lanu, bambo. Tikhoza kumachita limodzi. Inu muzingokuwa monga mwa masiku onse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. Ine ndinadzilimbitsa mtima kuti munthu amene wakuwa miyezi yonseyi sangathe kudzigwira, pakamwa pamuyabwa yekha. Lachisanu ndinasita jekete lija bwinobwino, thumba lili m'malo mwake, n'kulipachika pamene amalipeza.

Loweruka anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Alendo a mwini holo anakhala mzere wachiwiri, miyendo itapingasa. Bambo analowa pa nthawi yawo, jekete lili pathupi, n'kukhala pampando wawo. Mtima wanga unakhala pansi.

Ndinabwereka kiyi. Ndinamuonetsa mbali zonse, ndinamufumbata, ndinagwedeza chigongono. Ndinatambasula dzanja lamanja, kiyi atabisala kale kumanzere, n'kudikira.

Palibe anakuwa. Anthu anatembenukira kwa bambo, ena akumwetulira, akudziwa chimene chikubwera. Ndinagwedezanso chigongono, ulendo uno moonekeratu, mochititsa manyazi. Wina kumbuyo anati, "Madala, nenanitu!" Mwini holo anayamba kusisita lamba pamalo pamene pamakhala kiyi wake.

Bambo anakhala tsonga, anakonza kolala ya jekete, anandiyang'ana m'maso. Kenako anakweza manja awo onjenjemera aja n'kuyamba kuwomba, pang'onopang'ono, okha m'holo monse. Anasunga lonjezo lawo lija, lakuti ndikapanga changa akhala chete. Kiyi anali kunditentha m'dzanja lamanzere, wopanda kopita, ndipo kukhomo ndinaona mwini holo akukodola mmodzi wa anyamata ovina aja. Chibadwire changa, aka kanali koyamba bambo anga kundiwombera m'manja.