Phulusa la a Ramanbhai

"Amayi, n'zoona kuti a Ramanbhai ali m'kamtsuko kaja?"

Queen anafunsa choncho ali wamng'ono, ndipo Ursula anamutsina khutu. Iye mwini nkhani yowotcha maliro inkamunyansa. Koma zaka zokhala mpanda umodzi ndi Mayi Kokila, mayi wamasiye wachihindu wa kuseri kwa msika wa Katete, zinamuphunzitsa kusafulumira pakamwa. Mayiwo ankapukuta kamtsuko kamkuwako m'mawa uliwonse, kudikira tsiku lokathira phulusa la amuna awo, a Ramanbhai, mumtsinje wa Ganga ku Haridwar, ku India, monga anawapempha asanamwalire.

Loweruka lina Ursula anawapititsira nkhwani. Anapeza Nilesh, mwana wawo wa ku Lusaka, ali pakhonde ndi foni, akukonza ulendo wa ku India. Mayi Kokila anali pampando.

"Anti, mwabwera bwino, athandizeni kumva amayiwa," anatero Nilesh. "Titsikira ku Mumbai, kenako Surat kukaoda nsalu. Ku Haridwar n'kutali. Chikhamu, matope, fungo! Miyendo yawoyi singakwanitse."

"Nanga abambo anu?"

"Popita ku Lusaka tiima pa mlatho wa Luangwa. Madzi ndi madzi, onse amathera m'nyanja."

"Pogulitsira nsomba zouma paja? Pamene otsika basi amathamangira kuseri kukadzithandiza?"

Nilesh anaseka. "Inu a mpingo wa Reformed mwayamba liti kulondera phulusa?"

Ursula anasuzumira m'nyumba. Pashelefu pamene pankakhala kamtsuko panali kanyale kokha kamene ankayatsira malemuwo. Atacheuka anaona buti ya galimoto ili yotsekula, kamtsuko kaja katagonekedwa pakati pa tayala ndi chigubu cha oilo, katakulungidwa m'thumba la feteleza. A Ramanbhai, munthu amene ankanyamula mnyamata ameneyu paphewa kupita naye kusukulu! Anatula nkhwani, nabwerera kwawo osatsanzika.

Madzulo, Nilesh atapita kukamwetsa galimoto mafuta, Ursula anamva kuitana kumpanda.

"Amake Queen."

Mayi Kokila anali ataima pamenepo, kamtsuko akukapukuta ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari.

"Ndawatulutsa m'buti muja, ndamuuza kuti sindikwera galimoto yake. Mng'ono wanga wa ku Ndola adzandiperekeza mvula ikatha. Koma uyu ndimamudziwa, ndikangotembenuka awatenganso. Mungandisungire?"

Manja a Ursula anakana kutambasuka. Anaganiza za amayi a Chigwirizano a kumpingo kwake amene amadzapemphera m'nyumba mwake Lachisanu, ndi maso awo osaphonya kanthu. Kenaka anakumbukira thumba la feteleza lija. Anapukuta manja pachitenje, nalandira ndi manja awiri. Kanali kopepuka kuposa mmene ankaganizira.

"Akhala pamwamba pa kabati," anatero. "Satuluka m'nyumba mwanga mpaka tsiku limene mudzanyamuke kupita ku Haridwar kwenikweniko. Akabwera Nilesh adzayankhula ndi ine."

"Nanga nyale yawo?"

"Nyaleyo muzidzayatsa nokha, mayi, chitseko n'chotsekula. Ine fumbi ndizipukuta."