Chitsamba cha Buluu cha Rodwell

Malemu Rodwell sanasiye galimoto yooneka, koma anasiyira mkazi wake Scholastica zitsamba zinayi za maluwa a haidiranjiya kuseri kwa nyumba yawo ku Morley, mumzinda wa Perth. Panali choyera cha maluwa osongoka ngati ngala za mapira, chosaopa dzuwa. Panali cha masamba ong'ambikang'ambika omwe amafiira kukazizira, ndi china cha maluwa aphwatalala. Koma cha pamtima chinali cha mitu yozungulira ngati kabichi. Mtundu umenewu umamvera dothi: mu mchenga wa ku Perth maluwa ake amakhala a pinki. Rodwell, munthu wamakani, anachikumbira dzenje, nathiramo dothi lowawasa ndi zotsalira za khofi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka chinachita buluu. Chaka chilichonse Scholastica ankathyola maluwawo n'kukawaika pamanda ake.

Mu Malichi 2020 anapita ku Malawi kukaika maliro a mayi ake. Makiyi anasiyira Edda, mnzake wa kumvano yemwe ankaitanizana naye kuti achemwali. Kenaka maboda anatsekedwa chifukwa cha mliri, ulendo wa milungu itatu n'kusanduka wa miyezi isanu ndi inayi. Mu Julayi Edda anaimba foni kuti chabuluu chija chauma. Scholastica analira ngati Rodwell wamwaliranso.

Atabwerera mu Disembala n'kumaliza milungu iwiri yotsekeredwa mu hotela, anakwera sitima kupita ku Rockingham kukathokoza Edda. Anamutengera chitenje ndi paketi ya tiyi wa ku Thyolo. Ulemu wina umapweteka ukamaukumbukira pambuyo pake.

Edda anamulandira pakhonde, koma Scholastica, poti anali wozolowera pakhomopo, anazungulira kuseri kukasamba m'manja pampopi. Pamthunzi wa mpanda panali haidiranjiya wamkulu, mitu yake piringupiringu, ya pinki.

"Ameneyu ndinagula chifukwa cha ukwati wa Dinnah," anatero Edda msangamsanga. Dinnah anali mwana wake. "Mukudziwa, maholo anali otseka, tinachitira panopa. Wanu uja anali wa buluu, si choncho achemwali?"

Scholastica anayandikira chitsambacho. Anagwada, nakankha masamba. Mkati mwenimweni, pafupi ndi tsinde, munali mutu umodzi wa buluu, buluu wa Rodwell. Anapala pansi ndi chala. Mchenga woyera wa ku Rockingham unathera pamwamba, pansi pake panali dothi lakuda la Rodwell lija. Wakuba anakumba ndi dothi lomwe, osadziwa kuti mizu ya mkati ikadali kudya za kwawo.

Mtima unamuwawa kuposa tsiku la foni lija. Tsiku limenelo analirira chitsamba, lero anali kutaya munthu.

"Munandisiya ndilire," anatero, akadali chogwada.

Edda anayang'ana kumpanda. "Achemwali, ndege kunalibe. Tonse tinkati basi, simubweranso."

Choncho anthu anali atamugawana kale ali moyo! Scholastica anafuna kuitanitsa fosholo pomwepo. Koma ankadziwa bwino kuti kuzula haidiranjiya mu Disembala, dzuwa likuswa mtengo, n'kumupha. Edda anali atamubera m'nyengo yoyenera yozizira, ndipo iye sakanatha kulanda m'nyengo yolakwika.

Anathyola mutu wa buluu uja ndi kanthambi kake, naimirira, napukuta mawondo. Chitenje ndi tiyi anaziika pampando.

"Muzimuthirira m'mawa," anatero. "Musamudule nthambi zakale, maluwa a chaka chamawa amachokera momwemo. Mwamva, Mayi Edda?"

Edda anatsegula pakamwa. Chiyambire kudziwana kwawo, Scholastica anali asanamutchulepo dzina.

Kumanda madzulo a tsikulo, botolo lomwe linkadzaza ndi maluwa khumi linalandira limodzi.