Nyumba Yopanda Khomo la Kuseri

Kachete ankasita jekete la agogo ake aamuna pang'onopang'ono, ngati mwiniwake wangopita kukasamba. Anayendetsa simbi pakolala, n'kubwereranso pomwepo. Chimwalirireni amayi ake, m'nyumbamo ankakhala atatu: iye, agogowo ndi a Matayala a m'chipinda chakumapeto. Tsopano, maliro a agogowo atatha, achibale anali mbwee, koma iye ankangomva ngati watsala yekha.

"Iwe, jekete limodzi mpaka dzuwa kulowa?" anatero amayi aang'ono, akudutsa ndi makapu. "Mwana uyu, pakamwa zii, manjanso zii."

Kachete sanayankhe. Dzina lakelo analipeza motero.

Kukhitchini kunamveka kugogoda. Amalume anali atabwera ndi mmisiri, ndipo ankamenya khoma ndi chala.

"Apa. Ukuona pulasitala wasiyana? Panali khomo apa."

"Ndiye anatsekeranji?" anafunsa mmisiriyo. "Moto utabuka, muthawira padenga?"

"Zochita za nkhalamba. Iwe tsegula basi."

Chifukwa chimene ankafunira kutsegula khomolo aliyense ankachidziwa. A Matayala ankamata matayala a njinga m'mbali mwa msewu. Sanali m'bale wa aliyense. Anadulidwa mumpingo kalekale chifukwa cha mowa, ndipo sanapitenso kukapepesa. Popita kuchipinda chawo ankadutsa pabalaza, poti khomo linali limodzi. Dzulo lake anadutsa amayi a mpingo ali pakati pa pemphero, chubu chili m'khosi, botolo likusuzumira m'thumba. Mayi wina anatsegula diso limodzi, n'kukokera chikwama chake pafupi.

"Sikuti tikuwathamangitsa," amalume ankauza amayi aang'ono. "Ndife Akhristu. Azingolowera kuseri. Mawa abusa akubwera kudzatipepesa, ndiye azidzapondana ndi munthu wonunkha guluu?"

"Komanso bambo anakulira m'nyumba ya mzungu wa mishoni," anavomereza amayi aang'ono. "Ankadziwa dongosolo. Kungoti ukalamba unawafewetsa mtima."

Kachete anaimika simbi. Mawu akuti dongosolo anamubaya.

Agogo sankakonda kukamba za unyamata wawo. Kumpingo ankawatama kuti ndi mkulu wa mpingo amene anaphunzira Mawu pamapazi a amishonale enieni, iwo n'kumangomwetulira. Koma tsiku lina, Kachete akuwawenga zikhadabo chifukwa maso anali atayamba kuchita mdima, anayamba kulankhula okha. Anati Lamlungu mzunguyo ankawatcha m'bale, koma Lolemba ankadyera chiimire pamasitepe a kuseri. Chitseko cha kumaso ankachigwira popukuta chogwirira chake basi. Kachete anawafunsa chifukwa chimene sanasiyire kupemphera.

"Mulunguyo ndinamutenga," anatero agogo. "Khomolo ndinawasiyira."

Zina zimene ananena tsikulo Kachete sanauzepo munthu. Ankaziona ngati zake, chinthu chokhacho chimene achibale sakanagawana.

Anapinda jekete lija, n'kukakhala pampando wa pakona pabalaza. Mpando wa agogo unali pomwe unali, khushoni yake ili yobonyoka pakati. Palibe ankakhalapo, ndipo palibe ankauyang'ana. Kukhitchini hamala inayamba kugunda khoma. Anayesa kukonza mawu m'mutu, koma ankabalalika asanafike pakamwa.

Kenako pakhomo panaima chithunzithunzi. Anali a Matayala, chipewa chili m'manja. Sanalowe. Anamvetsera hamala ija kwa kanthawi, n'kuseka pang'ono.

"Odi, eni nyumba. Ndamva kuti mukundimangira khomo langalanga. Ulemu wotere sindinaulandirepo."

"Ndi zongokonza nyumba, madala," anatero amalume, akutuluka kukhitchini ndi fumbi m'mapewa.

"Musavutike, bwana. Mungondiponyera bulangete langa pawindo. Pamene ndimagwirira ntchito pali kakhonde."

Amayi aang'ono anayang'ana amalume. Nkhani inali ikudzithera yokha, mwaulemu, popanda wochimwa.

Kachete anaimirira. Sanaganize n'komwe, miyendo inangochita zimene maso anazolowera kuona. Munthu aliyense akafika pakhomopo, agogo ankaimirira, kaya ndi abusa, kaya ndi mwana wodzabwereka machesi, kaya ndi a Matayala ataledzera. Ngakhale mawondo atayamba kukana, ankagwira tebulo n'kudzikoka.

"Amalume."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma hamala inali itapuma, ndipo onse anawamva.

"Eee, lero Kachete walankhula," anatero amayi aang'ono. "Kugwa mvula."

"Khomo lija anatseka ndi agogo, ndi manja awo." Kachete ankayang'ana pansi. "Agogo ali mnyamata ku mishoni, amayi awo anayenda ulendo wautali wapansi kudzawauza kuti bambo awo amwalira. Anagogoda kumaso. Azungu anawauza kuti azungulire. Anakakhala kuseri, pafupi ndi zinyalala, mpaka azungu atamaliza kudya, chifukwa agogo ndi amene ankaperekera mbale. Agogo ankawaona pawindo, akuthira madzi m'matambula."

Amalume anatsegula pakamwa. "Ine bambo sanandiuzepo zimenezo."

"Simunawafunse."

Mmisiri anasuzumira, hamala ili m'manja.

"Ndipitirize, bwana?"



"Ine ndilibe mphamvu pa nyumba ino," anatero Kachete, tsopano akuwayang'ana amalume kumaso. "Mukafuna kugumula, mugumula. Koma musanene kuti ndi za Chikhristu, ndiponso musanene kuti ndi za agogo. Mawa abusa alowere pomwe alowere wina aliyense."

Anapita pakhomo, n'kukankha chitseko mpaka chinagunda khoma. A Matayala anali akupotokola chipewa chawo, misozi ili lengelenge m'maso. Kachete anapatuka pang'ono kuwapatsa njira.

"Lowani, agogo," anatero.