Dzanja la a Aurélio

A Quitéria sankatha kuona munthu atagwira chinthu osamulanda. Ukamasenda mbatatesi, mpeni unkapezeka uli m'manja mwawo. Mwana akamamanga nsapato, ankagwada n'kumumangira, uku akudandaula msana. Ndiye mchimwene wawo Aurélio atagwa kumunda ndi trombozi, matenda opha ziwalo, mkono wamanja n'kufooka, a Quitéria ananyamuka ku Domwe ndi mtolo wawo n'kudzakhala pakhomo pa mlamu wawo Genoveva, osatchula za kubwerera.

Poyamba Genoveva anathokoza. Inali nyengo yokumba mbatatesi, ndipo sakanatha kukhala kumunda ndi kunyumba nthawi imodzi.

Kamodzi pa sabata ankakweza mwamuna wake shapa, minibasi ya kuno, kupita kuchipatala ku Ulongwe, kwa a Lurdes, mayi wophunzitsa ziwalo zofooka. A Lurdes anali ndi kamakina kokwana m'thumba. Ankamata tizigamba tiwiri pamkono wa a Aurélio, n'kulumikiza tingwe, ndipo akayatsa, zala zokhwinyata zija zinkatambasuka zokha ngati za munthu wina.

"Kaneka iyo, gwirani tsopano," ankatero, akuloza kapu. "Musayang'ane makina, bambo. Magetsi akungodzutsa minofu. Wophunzira ndinu."

Ankawapatsanso ntchito ya kunyumba: kutola nyemba m'lichero n'kuponya m'kaneka, kumanga mabatani, kunyamula supuni. Tsiku lililonse, ndi dzanja lodwalalo.

Apo m'pamene panabuka nkhani. Lamlungu lina amayi a kutchalitchi atabwera kudzazonda, anapeza a Aurélio pakhonde, thukuta lili kamukamu, akulimbana ndi nyemba imodzi, Genoveva ataima pambali manja ali kumbuyo. Alendo atangochoka, a Quitéria anachotsa lichero.

"Alamu, munthu wodwala mukumutoletsa nyemba ngati nkhuku? Kumuwotcha ndi magetsi kuja sikunakwane?"

"Ndi mankhwala amenewo, alamu."

"Mankhwala a kuti? Bambo athu anagwa ndi matenda omwewa. Tinawasamala mpaka kuwaika, sanagwirepo ngakhale chikho."

"N'chifukwa chake sanagwirenso chikho."

Koma kuyambira pamenepo Genoveva akabwera kumunda ankapeza mkono uja utamangidwa bwinobwino m'chitenje pachifuwa, malaya atamangidwa mabatani mpaka m'khosi, a Aurélio atayasama kudikira supuni. Kuchitsime amayi ankasiya kulankhula iye akafika.

Ulendo wotsatira a Lurdes anagwira zala zija n'kuyesa kuziwongola. Zinakana. A Aurélio anafuula. Makina atayatsidwa zinatseguka pang'ono chabe, kaneka n'kugubuduzika pansi.

"Dzanjali lakhala likugona m'nsalu," a Lurdes anatero, akuyang'ana Genoveva. "Sindikubisirani, mayi. Miyezi yoyambirira ino ndi imene dzanja limaphunzira msanga. Zala zikazolowera kukhwinyata zimauma, ndipo pamenepo makinawa sangachite zambiri. Mukanakhala pafupi, bwenzi akubwera pafupipafupi."

M'shapa pobwerera, Genoveva anaika dzanjalo pamwendo pake n'kumaliwongola chala chimodzichimodzi. Akasiya, linkabwerera. Ku Ulongwe kunali mwana wawo Neusa, wogulitsa zovala pamsika, koma ankakhala m'kachipinda kamodzi ndi ana awiri. Mbatatesi theka zinali zikadali m'nthaka. Ndipo kuchoka ndi mwamuna, kusiya a Quitéria pakhomo, mudzi wonse ukanati wamuthawitsa kwa abale ake kuti akamuzunze popanda womuona.

Mawa lake anapita kumunda, koma khasu silinkalowa. Dzuwa lisanafike pamutu anabwerera.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, panjira ya kuchimbudzi. A Aurélio anali atatsamira khoma, nkhope atatembenuzira kumbali, a Quitéria atawerama akuwamanga lamba wa buluku.

"Taimani bwino, achimwene. Ndinakuberekani kumbuyo ine, manyazi a chiyani?"

A Aurélio anaona mkazi wawo. Pakamwa pawo panali pakadali popotoka, mawu ankatuluka molemera, ndipo chiyambire kudwala ankangoti inde pa chilichonse.

"Amake Neusa," anatero. "Buluku. Ndekha."

"Mumanga bwanji ndi dzanja limodzi?" anafunsa a Quitéria.

"Ndekha, mana," anatero kwa achemwali awo.

A Quitéria anachotsa manja. Anaima pomwepo atatuwo, a Aurélio akukoka lamba ndi dzanja lamanzere, lamanja likungogunda pachitsulo osagwira kanthu. Buluku linatsetsereka mpaka m'mawondo. Genoveva anamva manja ake omwe akufuna kuthamangira, ndipo anawapanikiza m'khwapa. A Quitéria anaphimba kumaso ndi chitenje n'kulowa m'nyumba.

Genoveva anawatsatira. Anawapeza atakhala pathumba la chimanga, akulira mopanda phokoso.

"Alamu, ndikupita nawo kwa Neusa. Mbatatesi ndikusiyirani inu. Aganyu mukuwadziwa."

"Anthu anena chiyani?"

"Anena kale."

"Nanga likapanda kuchira dzanjalo? Mudzakhala mutangomuvutitsa."

A Lurdes sanalonjeze kanthu, ndipo Genoveva anali ataonapo anthu pamzere wa kuchipatala amene manja awo anauma ngakhale ankabwera mokhulupirika.

"Mwina silichira," anatero. "Koma pano ndiye silichira ndithu."

Anakoka chikwama pansi pa bedi n'kuchikung'untha fumbi. Anaikamo bulangete, chifukwa kwa Neusa kunalibe lapadera, mabuluku awiri, malaya onse a mabatani, ndi khadi la kuchipatala. Chitenje chomangira mkono chija anachipinda n'kuchisiya pampando. Anakoka zipi, n'kuika chikwamacho pakhomo, kenako anatuluka kukafunsa ngati shapa ya masana inali itadutsa kale.