Chingwe cha Tenti pa Chikala

A Hudson Makwinja anali munthu wosamva za anzake. Dokotala atawauza kuti matenda a shuga awononga maso awo ndipo mvula ikamadzagwa adzakhala atasiya kuona, iwo sanafunse n'komwe za mankhwala. Anangoti akufuna kukwera phiri la Chikala, akaone manda a mayi awo komaliza. Anawaika m'manda iwo akadali mnyamata wokonza njinga, mudzi usanasamukire kuchigwa, ndipo chichokereni anali asanapondekonso.

Mwana wawo Luckness, mphunzitsi wa ku Balaka, anayesa kuwaletsa koma anangotaya malovu. Mapeto ake anabwereka tenti kwa mnzake, n'kulongedza ufa wa phala, mtedza, kapoto ndi mankhwala a bambo akewo. Anatsika minibasi ku Liwonde, akabaza n'kuwasiya m'munsi mwa phiri. Kuyambira pamenepo inali ya miyendo.

Vuto linaonekera tsiku loyamba lomwelo. Njira imene inali m'mutu mwa a Hudson inali ya mitengo: ukafika pa mbawa yaikulu upotolokere kumanzere, ukadutsa masuku utsikire kukhwawa. Koma mbawayo inali itapita kalekale m'matumba a makala, masukunso chimodzimodzi. Panatsala zitsa, miyala ndi dothi lakuda pamene panali mauvuni. Mkuluyo ankayenda atagwira chikwama cha mwana wake kumbuyo, uku akutukwana anthu ootcha makala, makolo awo, ngakhale amene amagula makalawo m'tauni. Luckness, amene kunyumba kwake mbaula ya makala siizima, anangoweramitsa mutu n'kumayendabe. Tsikulo anagona pathanthwe, mphepo ikuwomba tenti mpaka kucha.

Tsiku lachiwiri madzi anayamba kuchepa, ndipo mapazi a Luckness anatuluka matuza. Anafunsa mayi wina amene anakumana naye akusenza nsungwi, koma mayiyo anayankha m'Chiyao kuti dzina la mudziwo sanalimvepo. Chimene chinamuwawa Luckness si mapazi ayi. Anaona kuti bambo ake asiya kutukwana, akungoyang'ana uku ndi uku ndi maso awo odwala aja, ndipo anawamvera chisoni kwambiri.

Dzuwa litapendeka anaona kankhalango kowirira pakati pa phiri lometedwa mpalalo. Anafikapo ali wefuwefu. A Hudson anakhala pansi n'kunena kuti zakanika, mawa abwerere kunyumba. Luckness anatola nkhuni zouma zimene zinali mbwee, n'kudabwa kuti anthu akuno ndi aulesi bwanji. Pokhoma tenti anapeza kuti chikhomo chimodzi chinatsala kuthanthwe kuja, choncho anamangirira chingwe ku kachitsulo kadzimbiri kamene kanali chilili m'mayani. Anaphika phala, n'kugona tulo tabwino kuposa dzulo lake.

M'mawa anadzidzimuka ndi mawu a munthu woodira chapatali. Anali mayi wachikulire wa mpango kumutu, khasu lili paphewa, ataima kunja kwa mitengo ngati pali mpanda. Anati dzina lake ndi Asiya, ndipo waona utsi ali kumunda kwake. Atawalonjera, anafunsa ngati alendowo akudziwa pamene agona.

"Pamthunzi, mayi," anatero Luckness.

"Iyayi, mwanangu. Pamenepo ndi pamanda. Mukuganiza kuti nkhwangwa zinaisiya bwanji mitengo imeneyi?"

Luckness anatembenukira kumitengo kuja. Atayang'anitsitsa anaona timitumbira tophwa pansi pa masamba, ndi mbale yachitsulo yobooka itakwiririka theka. Anakumbukira nkhuni zija, phala lija, n'kuyamba kupepesa mawu akuphonyana. A Asiya anati manda ake ndi a Alomwe amene anasamuka kale, koma ngakhale anyamata a makala, Asilamu ndi Akhristu omwe, salowamo. Anawalangiza kuti achotse msanga zinthu zawo, iwo sakauza munthu.

Luckness anathamangira kukamasula zingwe. Bambo ake anayamba kukwawa kuti amuthandize, akupapasa chingwe chimodzi mpaka dzanja linafika pa kachitsulo kaja. Anakasisita kuchokera pansi. Pamwamba pake zala zinapeza bawuti yomangira chishalo cha njinga, ndipo m'munsi pang'ono timabowo tiwiri.

Anayamba kufotokoza motsitsa mawu, ngati akudziuza okha. Mayi awo atamwalira analibe matabwa abwino, ndiye anadula felemu ya njinga yawo yoyamba n'kupanga mtanda. Chopingasa chinali chitathothoka ndi dzimbiri, koma timabowoto anaboola okha ndi msomali.

Luckness anagwada pambali pawo, manyazi ndi misozi zitamugwira pamodzi. Anapepesa kuti wamangirira tenti pamtanda wa agogo ake, n'kutambasula dzanja kuti amasule mfundoyo. Bambo ake anamugwira pamkono.

"Usamasule kaye," anatero. "Atigwirira nyumba usiku wonse. Ubwere kuno akuone, sanakuonepo."