Chombo cha Apongozi M'kolido

Apongozi anga aamuna atapuma ntchito ya kunjanji anabwera kudzakhala nafe, ndipo tinawapatsa chipinda cha kumapeto kwa kolido. Katundu wawo anali sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni asanu odzaza timatabwa, timacheka, timabotolo ta guluu ndi mapepala opindapinda. Munthu amene moyo wake wonse anayendetsa sitima ya pamtunda, nyanja yamchere osaionako ndi kamodzi komwe, anali atatengeka mtima ndi zombo zakale zoyendera matanga. Ankazipanga zazing'ono, zamatabwa, motsatira pulani, chilichonse kufanana ndi chenichenicho, kungochepa basi.

Chimene chinali patebulo pawo nthawi imeneyo chinali chachitali ngati mkono wanga, cha milongoti itatu. Ankati chenicheni chake chinkanyamula tiyi zaka zoposa zana zapitazo, ndipo chinali ndi liwiro losasewera. Thupi lake lokha analipanga zaka zitatu, kathabwa kamodzikamodzi, kalikonse kuyamba akaviika m'madzi otentha kuti kalole kupindika.

Ine ndi iwo tinkalemekezana kwambiri, ulemu wotopetsa uja. "Mwadzuka bwanji, bambo?" "Ndadzuka, kaya inu mayi." Nkhani yathera pomwepo. Tikakumana m'kolido, aliyense ankadziphatika kukhoma kuti mnzake adutse, mapeto ake tonse kungoima osadutsa.

Loweruka lina m'mawa ndikuwapititsira tiyi, ndinamva akutukwana. Mawu ake sindingawabwereze, koma sindinkadziwa kuti mkamwa mwa bambo olemekezeka chotero mungatuluke zimenezo. Ndinagogoda ndikuluma mlomo kuti ndisaseke.

Ndinawapeza atawerama, magalasi awiri ali pamphuno, ena pamwamba pa anzake, ulusi utawamatirira kuzala. Anachita manyazi, kenaka anangodzipereka.

"Mayi, zandikanika," anatero. "Mukuona zingwe zikuchokera pamlongoti kutsikira m'mbalizi? Pakati pake payenera kudutsa tizingwe topingasa, kuti pakhale makwerero amene amalinyero ankakwerapo. Paliponse pokumana tizingwe, mfundo. Zonse pamodzi ndi chikwi chimodzi ndi mazana anayi. Chiyambire Lachitatu ndamanga zisanu ndi imodzi, ndipo zinayi zamasuka."

Ndinayang'ana zala zawo, zonenepa ngati nthochi. Ine ndine namwino, ndipo kuntchito sipatha tsiku osasoka bala. Ndinapita kuchipinda kwanga n'kubwera ndi kachitsulo kopanira ulusi kamene ndinagula ndili pasukulu ya unamwino. Ndinapana ulusi, kuzunguliza kawiri, kukoka, kudula. Mfundo inakhala pamalo pake, yaing'ono ngati nthata.

Apongozi anavula magalasi apamwamba aja.

"Chitaninso."

Ndinamanga ina.

"Inanso! Ayi, izi ndi zamatsenga. A Sisita, kokani mpando!"

Tiyi uja anazizira osamwedwa. Pofika masana tinali titamanga mfundo makumi asanu ndi atatu, iwo akuwerenga mofuula ngati wolengeza mpira, ine ndikumanga. Dzina langa linasanduka a Sisita, iwo ndinawapatsa la a Kaputeni, ndipo analilandira atagunda chidendene pansi.

Kuyambira pamenepo ndikaweruka kuntchito ndinkangosamba m'manja, ulendo wa kuchipinda cha kumapeto. Anandiphunzitsa chingwe chilichonse ndi ntchito yake: ichi chokwezera thanga, ichi chogwira mlongoti kuti usagwe, ichi chokokera nangula. Matanga tinasoka pansalu ya pilo wakale, titainyika m'tiyi kuti ioneke yodutsa m'mavuto. Tinkakangananso. Tsiku lina ndinawauza kuti mzere wonse wapendekeka, iwo kukana, ine kubweretsa lula, iwo kunena kuti lula ndi amene wapendekeka.

Amuna anga, amene amaphunzitsa masamu kusekondale, ankangosuzumira pakhomo atanyamula makope ochonga.

"Bambo, ndinakupatsani chipinda chokha. Mkaziyu sanali pamgwirizano."

"Choka iwe, ukutchinga kuwala," ankawayankha bambo awo, osatukula n'komwe mutu.

Mfundo yotsiriza tinamanga Lamlungu lina masana, patapita masabata asanu ndi anayi. A Kaputeni anati imeneyo amanga okha. Inawatengera mphindi khumi, ine nditagwira mpweya, amuna anga atapita kogula zinthu za m'nyumba. Itakhazikika anaimirira, nakweza manja, n'kuyamba kuvina, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, mapewa akugwedezeka, masilipasi akuwomba pansi. Ine nthungululu inangotuluka yokha. Tinazungulira tebulo kawiri, iwo patsogolo, ine pambuyo.

Kenaka anaima, akupuma mwawefuwefu, n'kuchiyang'anitsitsa chombocho.

"A Sisita, matangawa ali lende ngati zovala pachingwe. Chombo ichi sichinalaweko mphepo."

"Pabalaza pali fani," ndinatero. Mpaka lero sindidziwa chinandiyankhulitsa.

Tinabweretsa fani. Titayatsa pa wani, matanga ananjenjemera. Pa thuu, anafufuma onse pamodzi, kuyambira lalikulu lapansi mpaka kakang'ono ka pamwamba, ndipo chombo chija chinaoneka ngati chadzuka kutulo. A Kaputeni anagwira pakamwa.

"Chikufuna kuyenda," ananong'ona. "Taonani, chikupempha."

Kukhitchini tili ndi katebulo ka matayala koperekera tiyi alendo akachuluka. Tinakatulutsa, n'kuikapo chombo pamodzi ndi chokhalira chake, kenaka kukaimika kumayambiriro kwa kolido, mphuno italoza kukhitchini. Fani kumbuyo, pa fili. Matanga anatupa mpaka tizingwe kulira, koma katebulo kanangoti chilili.

"Mphepo yachepa," anatero a Kaputeni.

Ndinathamangira kwa mayi oyandikana nafe kukabwereka fani wawo. Atandifunsa ngati kwathu kwatentha chotero, ndinangoti, "Tili paulendo," n'kuwasiya kukamwa kuli yasa. Mafani awiri, katebulo osasuntha. Ndinawonjeza choumitsira tsitsi. A Kaputeni anatenga chivundikiro cha katoni n'kumakupiza ndi mphamvu zawo zonse, akufuula malamulo kwa amalinyero osaoneka: "Kwezani nangula! Iwe wapamwamba, usagone!" Makatani ankauluka, kalendala inathothoka pakhoma, tsitsi langa lili m'mwamba, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

Tsono ndiulule. Ndinakagunda katebulo kaja pang'ono ndi chala chakuphazi. Pang'ono chabe.

Kanasuntha.

"Chayenda! A Sisita, chayenda chokha!"

Chinayendadi, pang'onopang'ono, monyada, matanga onse ali tototo, kudutsa chitseko cha bafa, kudutsa shelefu ya nsapato. Tinkachitsatira tikuwomba m'manja. Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti amene anaika simenti m'kolido mwathu anapendeketsa pansi kulowera kukhitchini. Chombo chinayamba kuwonjezera liwiro. Matayala anayamba kulira kwiii, ndipo kutsogolo kunali sitepe yotsikira kukhitchini.

"Mabuleki!" anakuwa a Kaputeni, unjanji utawabwerera. "Gwirani mabuleki!"

Tinathamanga, koma m'kolido mopapatiza tinagundana mapewa n'kupanikizana, aliyense kufuna kudutsa poyamba. Nthawi yomweyo amuna anga anatulukira kukhitchini, atalowera khomo lakuseri, jumbo ya zogula kudzanja lililonse. Anangoona chombo cha milongoti itatu chikuwadzera, matanga ali phamphu. Analibe dzanja lochigwirira. Anangotseka maso n'kupereka mimba.

Tinamva kuti thyo.

Katebulo kanaima, chombo chili chiimire. Koma kamtengo kakatali kamene kamasongoka kumphuno kwa chombo kanali katathyoka pakati, kakulendewera pa tizingwe take, tina titaduka. Ndinazimitsa mafani. Malalanje awiri anagubuduka kuchoka m'jumbo. Ndinayang'ana apongozi, ndikuganiza zaka zitatu zija ndi chala changa chija.

Anayandikira, nawerama, n'kuyang'ana pothyokapo nthawi yaitali. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kochokera pansi pamimba, mpaka anakhala pansi atatsamira khoma.

"Ulendo woyamba," anatero akupukuta misozi, "ndipo tagunda namgumi!"

"Namgumi ndi ndani?" anafunsa amuna anga, akusisita pamimba. Apa mpamene inenso ndinaphulika kuseka, n'kukhala pansi pambali pa apongozi. Kuseka kukati kuleke, mmodzi ankangoti "mabuleki," basi tayambiranso.

"Bambo," ndinatero nditapeza mpweya, "katebulo kaja ndinakakankha ndine. Ndi phazi."

"Ndinaona," anayankha. "Mukanachedwa pang'ono ndikanakankha ndine."

Chombo chija tinachibweza kuchipinda titachinyamula anthu atatu ngati wodwala. A Kaputeni anapaka guluu pothyoka paja, nalumikiza, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna chopanira. Maso awo anagwera pa mwana wawo.

"Iwe, wathyola ndiwe. Gwira apa ndi zala ziwiri. Mphindi makumi awiri, osagwedezeka, osayetsemula."

Amuna anga anakhala pampando wanga atapana kamtengo kaja, nkhope ili pafupi ndi tizingwe, ife tikuwerenga todukato. Tinapeza khumi ndi tiwiri. Patapita kanthawi ndinaona maso a amuna anga akukwera makwerero aja mzere ndi mzere, milomo ikuyenda.

"Mwati mfundozi ndi chikwi chimodzi ndi mazana anayi?" anafunsa. "Mbali ino yokha sizikukwana. Mwadumpha mzere pamlongoti wapakati."

Ine ndi a Kaputeni tinayang'anana, kenaka tonse tinathamangira pulani.